Changuu: ndende imene sinatsekerepo mkaidi, pachilumba chimene chinatsekera anthu ambiri

Nangozo: Moni nonse pagulu pano. Ndabwerako ku Tanzania sabata yathayi. Ndinapita kukapikula katundu kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno katundu anachedwa kulongedwa, ndiye ndinati m'malo mongokhala pogona alendo ndikaoneko Zanzibar. Kuchoka pa Dar es Salaam pa sitima ya pamadzi ndi maola awiri basi. Nditafika ku Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar, anyamata a maboti anandikakamira kuti ndipite ku Prison Island, ati kuli akamba akuluakulu. Ndinapitadi. Akamba ndawaona, ndi odabwitsa zedi, koma chimene chandikhala pamtima ndi china. Pachilumbapo pali nyumba ya ndende, makoma ochindikala, zipinda zondondozana kuzungulira bwalo. Nditafunsa wotiperekeza kuti munkakhala akaidi otani muno, anati simunagonepo mkaidi ndi mmodzi yemwe. Kenako anangotchula mothamanga kuti kalekale pachilumbapo ankasungirapo akapolo, n'kutiuza kuti tifulumire kwa akamba dzuwa lisanatenthe. Ine mtima unangoti myuu. Akapolo ake ati? Ochokera kuti? Aphunzitsi, inu mbiri mumaidziwa, tatithandizani.

Wa ku Chinamwali: Ndende yopanda akaidi? Ndiye anamangiranji?

Aphunzitsi Opuma: Mwayenda bwino mayi Nangozo, tathokoza Mulungu kuti mwafika. Dzina lenileni la chilumbacho ndi Changuu, ndipo likuchokera ku nsomba ina imene asodzi a kumeneko amapha m'madzi ozungulira. Ndi kachilumba kakang'ono, mamita pafupifupi 800 m'litali ndi 230 m'lifupi, pa mtunda wosakwana makilomita 6 kuchoka ku Stone Town. Palibe mudzi. Palibenso mtsinje kapena chitsime cha madzi akumwa, n'chifukwa chake kwa zaka zambirimbiri panalibe munthu wokhalapo.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1860. Sultan Majid bin Said, amene analamulira Zanzibar kuyambira 1856 mpaka 1870, anapereka chilumbachi kwa Aluya awiri, ndipo iwo anachisandutsa malo osungirako akapolo amene ankawatcha oukira. Awa anali aja okana kugonja, oyesa kuthawa, obweza mawu. Ankawatsekera kumeneko podikira kuwagulitsa pamsika wa ku Stone Town kapena kuwakweza zombo zopita kutali. Taganizani, panalibe chifukwa chomangira mpanda. Nyanja ndiyo inali mpanda.

Nyumba imene mwaionayo inabwera pambuyo pake. Mu 1893 Lloyd Mathews, Mngerezi amene anali nduna yaikulu ya boma la Zanzibar, anagula chilumbachi kuti boma limangepo ndende ya akaidi a milandu yachiwawa, aja obwerezabwereza. Nyumbayo inatha mu 1894, koma isanalandire mkaidi boma linasintha maganizo.

Wa ku Chinamwali: Ndalama inalowa m'madzi basi.

Aphunzitsi Opuma: Ayi mwana wanga, nyumbayo inagwira ntchito, koma ina. Nthawi imeneyo Zanzibar linali doko lalikulu la kum'mawa konse kwa Africa, zombo zochokera ku India, ku Arabia ndi ku Egypt zinkaima pamenepo. Angerezi ankaopa kuti kolera, mliri wa makoswe ndi yellow fever zilowa nazo mu Stone Town. Ndiye anati ofika pa chombo chokayikitsa azikayamba abindikiritsidwa ku Changuu, ndipo ndende ija inasanduka chipatala. Mu 1923 anachipatsanso dzina latsopano loti Quarantine Island, koma pakamwa pa anthu panakhazikika la Prison Island.

Namwino wa ku Leeds: Aphunzitsi, zimenezi zandikumbutsa za 2020. Ife amene tinagwira ntchito m'zipatala nthawi ya Covid tikudziwa kuti kubindikiritsa munthu si chinthu chopepuka. Pakamwa timati tikumuteteza ndi kuteteza ena, ndipo n'zoona, koma kwa iye amene watsekeredwayo zimamveka ngati wamangidwa. Mukukumbuka abale athu aja anabwera pa mabasi kuchokera ku South Africa mu May 2020 n'kuwaika pa Kamuzu Stadium? Ambiri anathawa. Anthu anawanyoza kwambiri, koma ine ndinkaganiza za munthu amene wayenda masiku pamsewu, watopa, kwawo kwatsala pang'ono, ndiye amuuze kuti khala pano. Tsono wa ku Changuu analibe kothawira.

Nangozo: Ndiye kuti kabuku kachikasu kaja timayenda nako m'mabodamu nkhani yake ndi yomweyi eti asisi?

Namwino wa ku Leeds: Yomweyo ndithu mayi. Lero tili ndi katemera wa yellow fever, munthu umangobayitsa n'kuonetsa kabuku. Nthawi imeneyo katemerayo kunalibe, anadzapezeka m'zaka za m'ma 1930. Njira imene inalipo inali kumupatula munthu n'kudikira kuona ngati adwale.

Mwana wa ku Linga: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndalephera kupirira. Mayi Nangozo mwafunsa kuti akapolo ake ochokera kuti. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, ndinakulira pafupi ndi gombe. Njira yopita pamsika wa ku Zanzibar inkayambira pakhomo pathu. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anadzakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo malonda ake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Anthu ogwidwa kuchokera kumtunda kuno, ena kutali ngati ku Kasungu ndi kuchigwa cha Luangwa, ankawasonkhanitsa pagombe, n'kuwapakira m'zombo za matanga kuwoloka nyanja. Akafika tsidya lija ankayenda wapansi miyezi, goli lili m'khosi, minyanga ili pamutu, mpaka ku Kilwa, doko la kugombe la Tanzania. Ambiri ankafera m'njira. Otsalawo ndi amene ankakwezedwa zombo kupita ku Zanzibar, ndipo gawo lalikulu la anthu ogulitsidwa pamsika umenewo linkadzera ku Kilwa komweko. Kugombe kumeneko anthu a kuno ankawatcha Wanyasa.

Agogo anga aakazi sankafuna kuti tizisewera pamalo ena a kugombe dzuwa likamalowa. Tikafunsa ankangoti, apa panapita anthu. Sankawonjezera. Ndili mwana ndinkayesa akunena za omira m'madzi. Ndinadzamvetsa ndili kusekondale.

Ndiye mukanena kuti wokuperekezaniyo anangodumpha nkhaniyi n'kuthamangira kwa akamba, zandipweteka kwambiri. Anthu amene anatsekeredwa pachilumba chimenecho chifukwa chokana kugonja ndi amene anayenera kutchulidwa koyamba.

Nangozo: Pepani achimwene. Ine ndemwe misozi inalengeza. Tsiku lotsatira ndinapita kutchalitchi cha Anglican mu Stone Town, chija anamanga pamene panali msika wa akapolo. Pali tizipinda tapansi, denga lake lotsika moti sungaimirire bwinobwino, timazenera tating'onoting'ono. Tinalowa anthu ochepa koma mpweya unachepa nthawi yomweyo. Panja pali dzenje, mkati mwake mwaima zosema za anthu asanu, unyolo uli m'khosi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Nkhope ya mayi wina wosemayo ikufanana ndi amayi a kumudzi kwathu, mphuno yake, milomo yake. Kumeneko nkhaniyi amaifotokoza mwaulemu ndipo amakupatsa nthawi. Ku Changuu ndi kumene ndinaona kuti yakwiririka.

Aphunzitsi Opuma: Msika umenewo unatsekedwa mu 1873, nthawi ya Sultan Barghash, Angerezi atamupanikiza kudzera mwa Bartle Frere ndi John Kirk. Kirk ameneyu ndi yemwe uja anayenda ndi Livingstone mu Shire mpaka kunyanja yathu. Tchalitchicho chinamangidwa ndi mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA motsogozedwa ndi bishopu Edward Steere, ndipo ndi mishoni yomweyo imene inadzamanga St Peter's ku Likoma. Mkati mwake muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene patsinde pake anakwirira mtima wa Livingstone. Mukuona kuti mbiri yathu ndi ya Zanzibar n'zolukanalukana.

Koma kutseka msika sikunathetse ukapolo. Malonda anapitirira mobisa, n'chifukwa chake kumpoto kwa Stone Town, ku Mangapwani, kuli chipinda chokumba pansi chimene ankabisamo anthu. Lamulo lothetsa ukapolo pa Zanzibar linadzabwera mu 1897. Ndiye pamene Mathews ankamanga ndende yake mu 1894, m'minda ya karafuu (zonunkhiritsa chakudya zija, cloves) tsidya linalo munali mukugwirabe akapolo.

Wa ku Chinamwali: Ndalakwa kuyankhula mopepuka poyamba paja, pepani akuluakulu. Koma ndifunseko mosabisa. Anyamata a maboti aja akudya chifukwa cha akamba. Mlendo wolipira ndalama zake kuti akapume panyanja safuna kumva za maunyolo tsiku lonse. Ngati msika wa akapolo uli kale ndi malo ake okumbukira mu Stone Town, cholakwika n'chiyani kuti chilumbachi chikhale cha akamba ndi kusambira? Malo aliwonse pansi pano ali ndi mbiri yowawa ukakumba.

Mwana wa ku Linga: Mng'ono wanga, sindikunena kuti achotse akamba kapena aletse kusambira. Anyamatawo adye, ndi ntchito yawo. Koma akugulitsa ulendowo ndi dzina loti Prison Island. Mlendo akamva dzinalo amajambulitsa pakhomo la ndende imene sinatsekere munthu, n'kubwerera kwawo akuganiza kuti nkhani yake ndi yoseketsa, ndende yopanda akaidi. Pamene ndende yeniyeni inali chilumba chonsecho, zaka makumi atatu nyumbayo isanamangidwe. Mphindi zisanu zokha zofotokoza bwino sizingamuthawitse mlendo.

Che Mdala wa ku Mangochi: Ndilowererepo pang'ono. Nkhani imeneyi ikayamba, kawirikawiri imathera pa kuloza chala Aluya, kenako Asilamu onse, kenako ife Ayao. Ndikupempha kuti pagulu pano tisafike kumeneko. N'zoona kuti mafumu ena achiyao monga Makanjira ndi Mponda anachita malonda amenewa, sitingabise. Koma Ayao ambirimbiri nawonso anagulitsidwa. Analipo mafumu a mitundu ina amene ankapereka anthu awo posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Apwitikizi ankagula, Afalansa ankagula kuti akalime nzimbe kuzilumba zawo. Unyolo umenewu unali ndi manja ambiri.

Mwana wa ku Linga: Mwanena zoona Che Mdala, ndipo ine sindikuloza mtundu kapena chipembedzo. Kwathu ku Nkhotakota tonse ndife osakanikirana, wina agogo ake anali ogwidwa, wina anali ogwira, ena mbali zonse ziwiri m'banja limodzi. Mpunga umene timanyadira nawowu ulimi wake unakula nthawi ya a Jumbe omwewo. Sindingadane ndi mnansi wanga chifukwa cha zimenezo. Ndikungofuna kuti opitawo azitchulidwa.

Aphunzitsi Opuma: Nonse awiri mwayankhula mwaukulu. Ndiwonjezere kuti kuno kwathu malondawa anatha mochedwa. Mlozi wa ku Karonga anagonjetsedwa n'kupachikidwa mu December 1895, nthawi ya Harry Johnston. Jumbe womaliza anachotsedwa pampando m'zaka zomwezo, ndipo kumene anamutumiza ndi ku Zanzibar.

Angerezi nawonso tisawapake mafuta mopitirira. Anathandiza kutseka msika, inde. Koma pachilumba chomwechi anamangapo nyumba imene ankaitcha European Bungalow. Zombo zambiri zinkabwera ndi mphepo ya pakati pa December ndi March, ndiye miyezi inayo chilumba chikakhala chopanda obindikiritsidwa, azungu ankapita kukapumulirako. Madzi awo anali a mvula, osungidwa m'matanki apansi. Choncho zoti Changuu akhale malo osangalalira sizinayambe ndi anyamata a maboti a lerowa.

Nasibeko wa Zachilengedwe: Ndilankhuleko za akambawo, chifukwa nawonso ali ndi nkhani yawo. Si a ku Zanzibar. Kwawo ndi ku Aldabra, chilumba cha ku Seychelles, ndipo ndi amodzi mwa akamba aakulu kwambiri padziko lonse. Wamkulu amapitirira makilogalamu 200, ndipo amakhala zaka zoposa 100. Mu 1919 bwanamkubwa wachingerezi wa ku Seychelles anatumiza anayi ngati mphatso. Anaswana mpaka kufika pafupifupi 200 mu 1955. Kenako anthu anayamba kuwaba, ena kukagulitsa kunja kwa oweta, ena kukadya. Pofika 1996 anatsala 7 okha. Apa ndi pamene anawamangira mpanda waukulu n'kuyamba kuwalondera, ndipo anayambanso kuchuluka. Ndiye achimwene a ku Linga, ndalama ya alendo ija ndi imene ikuwasunga amoyo. Kukanakhala kulibe obwera kudzawaona, bwenzi atatha.

Nangozo: Zimenezo ndiye ndikuvomereza asisi. Ndinapatsidwa masamba kuti ndidyetse wina wamkulu, msana wake wofika m'mawondo mwangamu n'kupitirira. Amatafuna pang'onopang'ono, mpweya ukumveka fuu fuu m'mphuno. Ukamukanda pakhosi amatambasula khosi lonse n'kudzuka pa miyendo yake inayi, n'kungoima chilili osagwedezeka. Khungu lake louma ngati khungwa la mtengo. Zaka zawo amazilemba ndi penti pachigoba, ndipo ena manambala ake amaposa 100. Ndinawakonda ndithu. Ana amasungidwa kwaokha m'khola lotchinga ndi waya kuti asabedwe.

Wa ku Chinamwali: Ndiye kuti mpaka lero pachilumbapo pali otsekeredwa.

Nasibeko wa Zachilengedwe: Ali mumpanda inde, koma pofuna kuwapulumutsa. Chodandaulitsa changa ndi alendo ena amene amafuna kukhalira pachigoba kuti ajambulitse. Chigoba cha kamba si mwala, ndi thupi lake, cholumikizana ndi fupa la msana, ndipo amamva akakhudzidwa.

Bambo a Mphatso ku Dowa: Ine zimene zandigwira pa nkhaniyi ndi mmene malo amodzi amasinthira mayina koma ntchito yake n'kumafanana. Akapolo, kenako ndende, kenako obindikiritsidwa. Kwathu kuno tili ndi Dzaleka. Nthawi ya chipani chimodzi inali malo otsekerako anthu a milandu yandale, ndipo mu 1994 inasanduka msasa wa othawa kwawo. Achinyamata ambiri a kuno amangodziwa kuti Dzaleka ndi kwa anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Za makolo athu amene anazunzikira pamenepo sadziwa n'komwe. Malume anga anakhalako, ndipo atatuluka sanafotokozepo chilichonse mpaka kumwalira kwawo. Ndiye ndikumvetsa kuwawa kwa achimwene a ku Linga. Tisanadzudzule a ku Zanzibar tidzifunse ngati zathu tikuzisamala.

Mwana wa ku Linga: Apo mwandilasa bambo. Kwathu tili ndi mtengo uja wa Livingstone, pamene akuti anakumana ndi Jumbe kumupempha kuti asiye malonda a anthu. Ana asukulu amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, koma ndi angati amene anaimapo n'kufotokozeredwa? Ana anga enieni, obadwira ku Lilongwe, sindinawatengereko. Tchuthi chikubwerachi ndipita nawo, tikayambire pamtengopo kenako titsikire kugombe kuja agogo ankatiletsa.

Namwino wa ku Leeds: Mukapite ndithu achimwene, ndipo mukajambule mutitumizire. Kuno ndinakumanapo ndi mayi wina wochokera ku Somalia, wa anthu aja amawatcha Somali Bantu. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anandigwira dzanja, ati makolo a anthu akwawo ena anachokera kwa Wanyasa ndi Ayao. Anafika kumeneko kudzera pa njira yomwe ija ya Kilwa ndi Zanzibar. Tinangoyang'anana, chinenero chimodzi tinalibe kupatula Chingerezi.

Che Mdala wa ku Mangochi: Mulungu awakumbukire onse amene anapita njira imeneyo.

Wa ku Chinamwali: Mayi Nangozo, ndikufuna ndidzapiteko chaka chamawa ndikasonkha kandalama. Ulendo wake umakhala bwanji?

Nangozo: Si wovuta mwana wanga. Basi yodzera ku Karonga, kuwoloka pa Songwe, kenako Mbeya mpaka Dar es Salaam. Pasipoti ndi kabuku kachikasu usaiwale, chifukwa padoko la Zanzibar amaonanso mapepala ngakhale ndi dziko limodzi ndi Tanzania. Ku Stone Town maboti amatabwa a injini amaima pagombe pompo, ndipo kukafika ku Changuu ndi theka la ola kapena kucheperapo, kutengera mafunde. Mtengo mugwirizane musanakwere, wopita ndi wobwerera. Pita m'mawa, masana nyanja imavuta. Ukafika usathamangire kwa akamba. Yamba wazungulira nyumba ya ndende ija, ufunse za akapolo, ndipo akakuyankha mwachidule ufunsenso.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo uyambe kutchalitchi kuja usanakwere boti, kuti ukafike pachilumbapo ukudziwa kale chimene anthuwo ankadikira.

Nangozo: Eya aphunzitsi, ine ndinayamba chakumapeto. China chimene sindinanene: anzanga aja akusambira, ine ndinatsalira ndekha pamchenga. Ukaima pamenepo Stone Town imaoneka bwinobwino, nyumba zoyera, nsanja za mizikiti ndi matchalitchi, ngati ungathe kusambira n'kukafika. Ndinatembenuka kuyang'ana mbali inayo, kolowera dzuwa, kumene kuli Tanzania wa kumtunda, ndi kuseri kwake kwathu kuno. Kunalibe chooneka, madzi okhaokha. Ndinakhala pamenepo mpaka mnyamata wa boti anandiitana kuti amayi tiyeni, mafunde ayamba.